Mphindi Zisanu

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkadzibaya ndekha,
milungu itatu ikatha, Lachinayi usiku,
nditakhala m'mphepete mwa bafa.
Ulendo uno ntchafu yakumanja, wotsatira yakumanzere.
Mankhwala ankalowa mwaulesi
ngati mkamwini pakhomo la apongozi.

Masiku oyamba ndinkakwera masitepe a ku Begoña awiriawiri,
ndikuimba ndi mawu anga abesi.
Mlungu wachitatu mphamvu zinkaphwa
monga mtsinje wa Nervión nyanja ikabwerera,
kusiya matope, fungo, ndi njinga yadzimbiri.
Itziar sankasowa kalendala.
Ankangoyang'ana mmene ndatsekera chitseko.

Tsiku lina Garbiñe, namwino wanga,
anagogoda pepala ndi cholembera.
"Oier, magazi ako ayamba kuchita phala.
Mtima ukupopa movutikira.
Singano tiisiye kaye, tiyese wopaka."

Ndinatuluka ndi kabotolo m'thumba la jekete,
kopepuka, kooneka ngati mafuta a tsitsi,
ndipo ndinapsa mtima osadziwa wopsera.
Ndevu izi ndinazigula ndi singano.
Usiku ndinkazisisita mumdima
ngati zingathawe ndili m'tulo.

Tsopano ndi m'mawa uliwonse,
basi yanga isanatuluke m'depoti.
Ndimapopa kawiri.
Tesitositeroni wozizira m'chikhatho,
wonunkha chipatala,
phewa ili, phewa ilo.
Ndimasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono,
kenako kuima chilili, mikono yotambasula,
malaya oyanikidwa opanda chingwe,
kudikira mphindi zisanu kuti ndiume.

Tsiku lachinayi Uxue anadzuka msanga.
Zaka zitatu, tsitsi lili nyankhalala,
sokosi imodzi,
anathamanga manja ali m'mwamba:
"Ababa, ndinyamuleni!"
Ine ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda sinki.

Sanalire nthawi yomweyo.
Anayamba wandiyang'ana kaye.

Ungamuuze bwanji mwana
kuti chimene chimameretsa bambo ake ndevu
sichiyenera kukhudza khungu lake?
Singano inkabaya ine ndekha,
sinkandichititsa kuthawa munthu.
Tsiku limenelo ndinaphonya siteji ya pa Moyua,
mayi wina wa ambulera n'kundilalatira,
ndipo sanalakwe.

Itziar ndiye anabwera nako,
kawotchi ka kukhitchini kophikira mazira,
kooneka ngati nkhuku.
Anakapereka kwa Uxue, nati, ntchito yako iyi.
Ndiye pano ndili ndi wapolisi pakhomo la bafa.
Amapotokola khosi la nkhuku,
amakhala pa kapeti miyendo yopingasa,
sandilola ngakhale kukanda mphuno.
Ikalira amafunsa, "Mwauma?"
Ndimati ndauma.
"Valani malaya."
Ndimavala, ndimamanga mabatani onse,
ndipo pamenepo amadumpha,
bondo lake m'mimba mwanga,
mpweya wake wa tulo m'khosi mwanga.

Yapita miyezi inayi.
Magazi asungunuka, watero Garbiñe.
Ndevu zilipo, sizinapite kulikonse.
Akuti ndikafuna tingabwerere ku jakisoni,
wocheperako, kapena uja wa miyezi itatu.
Ndinati ndikaganiza.

Kunena zoona ndimakusowa kusefukira kuja,
masitepe awiriawiri aja.
Masiku ano onse ndi ofanana msinkhu
ngati mipando ya m'basi.
Koma chitseko sichimenyekanso,
ndipo kabokosi kachikasu kotayamo singano
kakadali pansi pa sinki, kuseri kwa bulitchi.
Sindinakataye.
Sindinakatsegulenso.

Lero kunja kukuwaza kamvula kathu kosatha kaja.
Ndinadzuka mutu uli zii,
ndipo nditavala kale yunifolomu, makiyi m'manja,
ndinaima pakhonde osakumbuka:
ndapaka kapena sindinapake?
Uxue anabwera, nkhuku ili m'khwapa,
anandinunkhiza patali monga anaphunzitsidwa,
nakwinya mphuno.

"Simukununkha chipatala," anatero.
"Vulani. Tiyambirenso."